Makomprimido Onse pa Daku

Assalam alaikum abale. Ndisanayambe, mboni zanga ndi izi: mkazi wanga Abiti Saidi, Che Jafali amene timapalasa limodzi ndi nsomba kuchokera ku Amaramba, ndi njinga yanga, imene sinanamizirepo munthu.

M'mwezi wa Ramadani m'mimba munandipota. Ku sentro, kachipatala ka ku Insaca, anandipatsa makomprimido, mapiritsi oletsa kupotako, omwa katatu pa tsiku, ndipo kunyumba ndinali ndi ena a chimfine. Ndinati womanga samwa kanthu masana, bwanji osamezeratu onse pa daku, kusanache? Enfermera, namwino wa pa sentropo, sindinamufunse, a shehe sindinawafunse.

Dzuwa litakwera ndili pamsewu, m'kamwa munauma moti nditalavula panatuluka fumbi, wallahi. Thukuta linakana, thupi n'kutentha mpaka ntchentche yotera pamphumi panga inapsa miyendo. Chikhodzodzo chinadzaza koma mkodzo osatuluka. Che Jafali ndinkawaona awiri, onsewo ali kutali kutsogolo. Ndinagwera m'chinangwa cha eni, lilime litakanika kutchula ngakhale shahada, mawu a chikhulupiriro. Mumtima ndinangoti: Allah, ana anga.

Anandipeza mayi wina wa kolona m'khosi, akuchokera kumjigo, n'kundikhuthulira chidebe pathupi.

"Otsalawa imwani, bambo."

"Ndamanga."

"Mitembo imamanga? Yasamulani!"

Ndinayasamula. Iye yemweyo anaimitsa shapa, minibasi ya matola.

Ku sentro anandiika soro, dripi ya madzi ija, ndi kapaipi ka mkodzo, ndipo zimene zinatuluka zikanayandamitsa bwato. Enfermera anandifotokozera kuti mankhwala onse awiriwo amaumitsa thupi. Amene amakhazika matumbo pansi amachepetsanso malovu ndi thukuta, ndipo amuna a msinkhu wanga amawatsekera mkodzo. "Mukanandiuza kuti mwamanga, tikanakonza nthawi yomwera." A shehe nawo anati wodwala amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo. Chifundo chinalipo kale, ine n'kuchilambalala.

Nsomba zinaola, Ramadani yotsala inandidutsa ndili pamphasa. Koma chondiwawa kwambiri n'chakuti mayi uja sindinamufunse dzina. Ndazungulira mijigo mpaka matayala kutha, palibe womudziwa.

Alhamdulillah, ndili moyo. Inu odwala musataye mtima, Allah amatuma amene wamufuna, koma mankhwala muzifunsa kamwedwe kake. Ndipo wina akadziwa mayi amene anafika pakhomo ndi chidebe chopanda madzi tsiku limenelo, amuuze kuti bambo wamakani uja akumwabe madzi.