Utoto Wobiriwira pa Boti Lathu

Inu akuwailesi, ndiwerengereni nkhaniyi, ndatopa kuisunga ndekha.

Nkhondo itafika kunyanja, ine ndi amuna anga tinathawira ku Lichinga, boti lathu la fibra, lija lokhala ngati la pulasitiki, titalikweza pa lole. Linakhala chozondoka pabwalo pathu ku Chiuaula, mumzinda momwemo, mpaka linatuwa, n'kuyamba ming'alu.

Njala itatipana, amuna anga anaganiza zobwerera kukawedza. Botilo analipala bwinobwino, namata ming'alu yonse, koma m'masitolo munalibe utoto. Anakaupeza kwa msilikali wina posinthana ndi mbatata. Unali wobiriwira.

Ndinati, "Bambo a ana, mtundu umenewu si wa asilikali?"

Anaseka. "Mayi, nsomba sizisankha mtundu."

Linakongola ndithu, odutsa ankaima kuliyang'ana. Kenaka amuna anga ananyamuka nalo kupita kunyanja. Pa ulendo woyamba womwewo, anthu amfuti obisala m'tchire analiyesa boti la adani awo, naliombera. Mabwato ena onse anabwerako.

Mtembo sunapezeke, tinachita sadaka popanda manda. Mpaka lero sindidziwa kuti anawombawo anali a mbali iti.

Mwala umene ankaikapo chitini cha utoto udakali pabwalo panga, wobiriwirabe. Mvula ya zaka zonsezi yalephera kuutsuka. Unali utoto wabwino.