Anawoloka pa Chitseko: Mbiri ya Gogo Dafina Kehayova

Malemu Gogo Dafina Kehayova anabadwa pa 9 Malichi 1941 m'mudzi muno mwa Brezen Dol. Ine ndikulankhula pano ndine Zornitsa, mdzukulu wawo. Anandilera ndi iwo makolo anga atapita kukagwira ntchito ku Spain.

Sukulu anayambira pompano, ndipo mu 1958 anapita ku Plovdiv kukaphunzira uzamba. Anzawo anatsalira m'tauni, iwo anabwerera kumapiri kuno. Mu 1963 anakwatiwa ndi Bambo Zahari Kehayov, ocheka matabwa, amene anatisiya mu 1997.

Malemu anagwira ntchito pachipatala chathu chaching'ono mpaka 2004, pamene akuluakulu a khonsolo anachitseka, ati anthu tachepa. Iwo sanaleke. Pachisanu chokhala ngati chino ankakwera bulu kukaona amayi oyembekezera. Ambiri mwakhala panonu, anayamba kukuonani ndi iwo amayi anu asanakuoneni.

Mu 2022 madzi anakokolola mlatho wathu. Akhonsolo anabwera, anajambula zithunzi, anadya nyemba za Gogo, napita. Sanabwerenso.

Lachiwiri pa 12 Novembala 2024 m'mawa, malemu anagwa ndi matenda a mtima akudyetsa nkhuku. Ambulansi inafika, koma inaima tsidya lina la mtsinje. Amuna anayi anagulula chitseko cha khitchini, nawagonekapo, n'kulowa nawo m'madzi ofika m'chiuno. Pakati pa mtsinje mmodzi wa iwo, a Stoil, anaterereka. Gogo anatsegula maso n'kunena kuti, "Iwe Stoil, ndinakugwira pobadwa uli woterera ngati nsomba, sindinakugwetse. Gwira bwino, chitsiru iwe." Amenewo ndiwo mawu awo omaliza. Anamwalira m'ambulansi, ndipo adokotala anatiuza kuti akadafika msanga akadapulumuka.

Tamva ena akuti, "Anali okalamba, inali nthawi yawo." Ayi! Nthawi yawo anaidula ndi anthu amene ali ndi maina ndi maofesi. Wapampando wa khonsolo, amenenso anabadwira m'manja mwa malemu, lero watumiza nkhata ya maluwa ndi dalaivala. Banja lakana. Bambo dalaivala, inu simunalakwe, khalani mudye nafe, koma nkhatayo mubwerere nayo.

Malemu asiya ana atatu, a Lyuben, a Nevena ndi a Rumen, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi zidzukulutudzi zinayi.

Tikuthokoza a Stoil, a Radko, a Vasil ndi a Metodi, amene anawanyamula. Tikuthokoza amayi amene mwawiritsa tirigu wa pamaliro, komanso Bambo Wansembe Serafim, amene afika mkanjo uli wonyowa.

Manda a makolo athu ali kutsidya. Amene mungathe, vulani nsapato, tiwaperekeze.

Gogo, sitinakugwetseni. Mzimu wanu uuse mumtendere.