Ziyed Ayende Pakati

Malemu a Mondher Fourati, achimwene anga, anabadwa pa 9 Malichi 1961 muno mu Sfax, m'banja loyenga mafuta a azitona. Anaphunzira kuno ndi ku Tunis, ndipo mu 1990 anayamba uphunzitsi pa yunivesite.

Mu 1992 anakwatira mayi Mbarka a ku Gabès. Mayiwa ndi a khungu lakuda, makolo awo ndi a dziko lino kuyambira kalekale, ndipo mwana wawo Ziyed anatengera mayi ake.

Kuyambira mu 2012 malemu ankafufuza magulu ochita zionetsero zodana ndi anthu akhungu lakuda obwera kuchokera kunja. Anawapatsa dzina loti "a m'mphepete", chifukwa anali ochepa ndipo anthu ankangowaseka. Inenso ndinkawagemula kuti, "Achimwene, sukulu yonse ija n'kumalondola amisala?" Iwo ankangoti, "Iwe sunga mawu a anthu amenewo. Tsiku limene wometa wako adzawayankhule, udzandiuze."

Mu 2023 wometa wanga anawayankhuladi, lumo lili pakhosi panga. Chaka chomwecho malemu anapita kukaona chionetsero china. Atabwerako anati, "Dzina lija ndinalakwitsa. Msewu unadzaza, m'mphepete ndinatsalamo ndekha." Pasanapite nthawi, anyamata ena anatsitsa Ziyed m'takisi pamsika n'kumumenya, ati abwerere kwawo. Kwawo kuti? Mmodzi wa iwo anaphunzira naye kalasi imodzi.

Kuchokera pamenepo mtima unayamba kuwavuta achimwene. Ankalowa ndi kutuluka m'chipatala mpaka dzulo, pa 14 Novembala 2024, pamene anatisiya.

Asiya mayi Mbarka, ana awiri, Ziyed ndi Sirine, komanso adzukulu awiri. Tikuthokoza madokotala, ophunzira awo amene ankawadwazika, ndi inu amene mwasambitsa thupi.

Koma abale, sindibisa, ndili ndi mantha. Njira ya kumanda ikudutsa pamsika pomwe paja, ndipo Ziyed sanapondeponso chimumenyereni. Lero ayenera kunyamula bambo ake. Ena mwa inu munali m'chionetsero chija. Malemu anakuonani, sanatchule dzina la munthu, inenso sinditchula. Ndikungopempha chimodzi: tikanyamula jeneza, chonyamulira malirocho, mumuzungulire mwanayu. Ziyed ayende pakati, kuti bambo ake akause mumtendere.