Kaseti Yopanda Mawu

Pa siteji ya basi ku Katete, m'chaka cha 1989, a Bwanali, mwini kagolosale, anali chiimire atakumbatira makina a vidiyo. Mkulu wina wosamudziwa anawafunsa komwe ankapita nawo.

"Ku Chipata, kokakonzetsa. Mlamu wanga Abudala wandiphera makina, chitsiru chija!"

"Anawagwetsa?"

"Kaya! Iye ndiye anaika kaseti yatsopano. Zithunzi zikuoneka bwinobwino, mnyamata wa lupanga akulumpha zipupa kukapulumutsa bwenzi lake. Milomo ikugwedezeka, koma mawu zii! Kanyimbo kokha."

"Ndiye munatani?"

"Ndinamuwaza mbama alendo akuona. Mkazi wanga poleretsa, ndinati atsatire mlongo wakeyo. Ali kwawo ku Sinda, lero ndi tsiku lachitatu."

"Kodi pakatipakati pamabwera zolembalemba?"

"Eya, zachizungu."

"Bambo inu, mulibe manyazi? Kanema ameneyo ndinaonera kumigodi ndili mnyamata. Anajambulidwa kalekale, makanema asanayambe kulankhula! Makina akufa angatulutse nyimbo?"

"Musandikalipire, sindikudziwani!"

"Ndikukalipirani ndithu! Mwapirikitsa mkazi, makina ali bwinobwino!"

Basi ya ku Chipata inafika, inadzaza, n'kunyamuka. A Bwanali sanakwere.

"Achikulire, ya ku Sinda ibwera nthawi yanji?"