Mlamu wanga anayankhula pamene khonsolo inakana kundimva

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ine ndine nesi, ndimakhala kuno ku West Midlands ndi ana anga awiri, Takondwa ndi Mphatso. Mu 2006 ndinatsala pang'ono kulandidwa anawa, ndipo ndikufuna mumve mmene Mulungu anandichotsera m'dzenje limenelo.

Banja lathu litatha, bambo a anawa anapita kukhoti kuti ana azikhala ndi iwo. Ananena kuti ndikapita ku shifiti ya usiku ndimawatsekera m'nyumba okha. Sizinali zoona. Amene ankagona ndi ana anali mchemwali wawo wa bambowo, mlamu wanga Esinati, yemwe ankakwera basi kuchokera ku Foleshill. Koma nkhani itafika kukhoti, Esinati anasiya kuyankha foni yanga. Abale kumudzi anamuuza kuti asachititse manyazi mchimwene wake.

Khoti linapempha khonsolo kuti itumize munthu woona za ana adzafufuze. Mayiyo anandipeza nditangoweruka, maso ali psuu ndi tulo, ndipo sanakhalitse. Mu lipoti lake analemba kuti ndinavomera kuti ana amagona okha. Ine sindinanenepo mawu amenewo. Ana anawapereka kaye kwa bambo awo, ine n'kumawaona Loweruka lokha.

Ndinakadandaula kukhonsolo. Mayi amene anandilandira anali waulemu ndithu, koma anati, "Nkhaniyi ili m'manja mwa khoti. Sitingaifufuze mpaka mlandu utatha. Ngati lipoti lalakwika, loya wanu akanene kwa jaji."

Ndinamufunsa kuti, "Nanga mlandu ukatha ana atapita, dandaulo langa lidzandibwezera chiyani?" Anangoti pepani.

Miyezi imeneyo inali yamdima. Loya wanga ankati popanda mboni, mawu anga sangapose lipoti. Kuwodi ndinkasambitsa odwala misozi ikugwera m'beseni. Kutchalitchi ku Sparkhill ena anayamba kundilambalala, poti mphekesera inali itafika kale. Loweruka lina Mphatso, yemwe anali ndi zaka zisanu, anandifunsa m'Chingerezi ngati ndinawasiya chifukwa chotopa nawo. Kupemphera kwenikweni ndinasiya, ndinkangogwada n'kunena kuti, "Ambuye, Inu munaona."

Mlandu utayandikira, ndinatuluka kuntchito masana ena n'kupeza Esinati ataima pageti la chipatala, mvula ikumunyowetsa. Ndinafuna kumudutsa, koma anandigwira dzanja.

"Alamu, Takondwa wandifunsa kuti, anti, bwanji simukunena kuti munkagona kwathu? Chakudya sichikundilowa. Ndiperekezeni kwa loya wanu."

Tsiku la mlandu Esinati anaima pamaso pa jaji, mchimwene wake akumuyang'ana. Anafotokoza bedi limene ankagonapo, mmene ankawakonzera ana popita kusukulu, ndi amene anamuletsa kuyankhula. Jaji anafunsa mayi wa lipoti uja ngati anayankhulapo ndi Esinati. Anavomera kuti sanatero. Khoti linagamula kuti ana abwerere kwa ine, bambo awo aziwatenga kumapeto a sabata.

Mlandu utatha, khonsolo inafufuzadi dandaulo langa, ndipo inapepesa kuti kafukufukuyo anali wosakwanira. Kupepesako sikunabweze miyezi imene ana anga anagona akuganiza kuti mayi awo anawataya. Esinati nayenso zinamuwawa. Mpaka lero abale ake ambiri samuyankhula, ndipo Khirisimasi amadyera kwathu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwiritsa ntchito munthu yemwe ine ndinali nditamuwerengera kale kumbali ya adani. Inu amene muli pa mlandu wa ana, ndipo ofesi iliyonse ikukuuzani kuti dikirani, musadzitsekere m'nyumba. Uzani loya wanu chilichonse cholakwika, pitani kukaona ana anu ngakhale mtima ukuwawa, ndipo pempherani ngakhale mawu atakutherani. Mukamandikumbukira m'mapemphero, muzimutchulanso Esinati.