Bala la M'mphechepeche

Aulutsi, dzina langa musalitchule. Ndine mdala wa kumudzi, pafupi ndi boma la Lundazi. Valavu ya mtima wanga itatha, mwana wanga ananditengela kuchipatala chakunja. Madokotala sananding'ambe chifuwa. Valavu yatsopano anailowetsa kudzela mu mtsempha wa m'mphechepeche, ndipo anandichenjeza kuti pakatupa ndinene msanga.

Nditabwelela, panatupa ngati dzila. Mkazi wanga anamwalila kale, mwana wanga anali ku Lusaka, ndipo wondisamala anali mkazi wake, mkamwana wanga. Kwathu mkamwana sakhala ngakhale pamphasa ya apongozi. Ndikanamuonetsa bwanji malo amenewo? Ndinangobisa kutupako.

Tsiku lina ndikutsika panjinga kumsika, magazi anachucha m'buluku ndipo ndinagwa. Mkamwana wanga anasiya mtedza umene ankagulitsa, anandimasula lamba anthu akuona, n'kukanikiza balalo ndi chitenje chake.

"Adada, mundikhululukile," anatelo, "koma dzanjali sindichotsa."

Sanalichotse mpaka kuchipatala. Ndinachila, koma kumsika sindipondako. Akamandibweletsela mankhwala amagwadabe patali, maso pansi, ngati palibe chinachitika. Manyazi anga ndiwo anamuchititsa zimenezo pagulu, koma pamaso pake zikomo amandikanika.

Wailesiyi mkamwana wangayo amamvela. Mwana wanga, yewo chomene, zikomo kwambili.