Baga Wabatala Nthawi Yokama Ng'ombe

Moni okondedwa, tiyamike Mulungu potisunga.

Madzulo ena ozizira ku Wisconsin, bambo wina wachikulire anaima kakasi pamzere wogula mabaga abatala, mabanzi oika nyama pakati. Mayi amene anali kumbuyo kwake anatopa nazo.

"Bambo, sankhani msanga, tifa nayo njala kuno."

"Pepani mayi, n'koyamba. Kodi batalayo amapaka pabanzi kapena panyama?"

"Koyamba? Imvi zonsezi munali kuti?"

"M'khola. Zaka makumi anayi, nthawi ngati ino ndinkakhala ndikukama. Mkaka unatsika mtengo, ndiye ndinagulitsa ng'ombe zonse, dzulo zinakwera lole."

"Ogo, pepani. Lawani tsono, mwina batalayu ndi wa ng'ombe zanu zomwezo."

"N'chifukwa chake ndabwera. Koma kaya kumene zapitako akudziwa kuti ng'ombe yanga Mabel siilola kukamidwa ndi manja ozizira."

Mbusa Wabwino, wodziwa zake ndi maina, akusungeni nonse.